Munthu amene amangoti “Inde bwana”

Pa 6 Januwale 1939, kundende ya Cañon City m'chigawo cha Colorado ku America, boma linapha mnyamata wa zaka 23 dzina lake Joe Arridy pomutsekera m'chipinda cha mpweya wa poizoni. Atamufunsa chakudya chomaliza chimene akufuna, iye anasankha ayisikilimu. Nthawi yomutenga itakwana anali asanamalize kudya, ndiye anapempha kuti amusungire wotsalayo adzamalize nthawi ina. Sankamvetsa kuti kumene akupitako kulibe kubwerako. Miyezi yonse imene ankadikira tsikulo ankangoseweretsa kasitima kachidole kamene anamupatsa mkulu wa ndendeyo, Roy Best, bambo amene anayesetsa kuti mnyamatayu asaphedwe koma zinakanika.

Patatha zaka 72, mu Januwale 2011, bwanamkubwa wa Colorado, Bill Ritter, analengeza kuti boma lamukhululukira Joe chifukwa umboni wochuluka ukusonyeza kuti mlanduwo sanapalamule. Mawu akuti kukhululukira akumveka achilendo pamenepa, popeza woyenera kupempha chikhululuko linali boma lomwelo, komatu lamulo linalibe mawu ena.

Wina atha kufunsa kuti nkhani yakalekale ya kutsidya kwa nyanja ikutikhudza bwanji, chikhalirecho dziko lathu silinanyongepo munthu chichokereni 1992. Ife tikuti imfa ya Joe tiyiyike kaye pambali, tione njira imene anayenda kuti akafike kumeneko. Njirayo ndi yodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pabenchi la kukhoti la majisitireti kapena anakaperekako chakudya kwa m'bale kuchitokosi.

Joe anabadwa mu 1915 mumzinda wa Pueblo, ndipo makolo ake anachokera ku Syria. Kusukulu anangokhalako chaka chimodzi, aphunzitsi n'kuuza makolo kuti azingomusunga pakhomo. Kenako anamupititsa kumalo osungirako ana a ulumali wa mu ubongo ku Grand Junction. Atamuyesa nzeru anapeza 46, pamuyeso umene munthu wamba amapeza pafupifupi 100. Mu Ogasiti 1936 anachoka pamalopo n'kumakwera masitima a katundu mpaka anakafika ku Cheyenne, m'chigawo cha Wyoming, kumene anamangidwa chifukwa chongoyendayenda pasiteshoni. Kwathu kuno tikanati anamugwira vakabu.

Mwezi womwewo ku Pueblo munthu wina anali atalowa m'nyumba usiku n'kutema ndi nkhwangwa atsikana awiri apachibale. Wamkulu, wa zaka 15, anamwalira, wamng'ono anapulumuka. Mkulu wa apolisi wa ku Cheyenne, George Carroll, atamva kuti mnyamata wa vakabuyu anadzera ku Pueblo, anayamba kumupanikiza ndi mafunso, ndipo pomaliza analengeza kuti Joe wavomera. Zimene anakambirana awiriwo sizinalembedwe paliponse. Apolisi a ku Pueblo anadabwa, chifukwa iwo anali atagwira kale munthu wina, Frank Aguilar, ndipo mutu wa nkhwangwa anaupeza kunyumba kwake. Apa nkhani ya Joe inasintha: tsopano anali atavomera kuti anachita zimenezo pamodzi ndi Frank. Mtsikana wopulumuka uja analoza Aguilar, Joe sanamuloze. Aguilar anaphedwa mu 1937, komabe boma silinamusiye Joe.

Madokotala atatu anauza khoti kuti nzeru za Joe zinali ngati za mwana wa zaka pafupifupi 6 ndipo sankatha kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Koma lamulo linkangofunsa funso limodzi: kodi ndi wamisala? Madokotalawo anati ayi, chifukwa zoonadi sanali wamisala. Anthu amene anasankhidwa kuweruza mlanduwo anamupeza wolakwa. Loya wake, Gail Ireland, anachititsa kuti tsiku lomupha liimitsidwe kangapo konse, mpaka njira zonse zinatha.

Pamenepa ndi pamene ifenso timaphonya. M'chinenero chathu timakonda kuunjika anthu onse pamawu amodzi. Wamisala kwa ife ndi amene amavula, amatola zinyalala, amalankhula yekha pamsewu. Amene sachita zimenezi timati ali bwinobwino, kungoti ndi wopepera, wozerezeka, kapena chitsiru cha pamudzi. Komatu matenda a maganizo ndi ulumali wa mu ubongo ndi zinthu ziwiri. Matenda a maganizo atha kumugwira munthu amene anali bwino, amabwera n'kupita, ndipo ambiri amathandizika ndi mankhwala. Ulumali wa mu ubongo munthu amakula nawo kuyambira ali mwana: ena amabadwa nawo, ena unabwera chifukwa cha kubanika pobadwa, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi kapena kunyentchera. Munthu wotereyu amavala bwino, amapereka moni, amatunga madzi, amasenza katundu pamsika. Chimene chimamuvuta ndi kumvetsa mawu ovuta, kutsata nthawi ndi masiku, komanso kuona kuti chimene akunena lero chidzabala chiyani mawa. Wapolisi wotopa, amene ali ndi madoketi khumi patebulo, sangamuzindikire pongomuyang'ana.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angavomere mlandu umene sanapalamule? Ambirife timaganiza kuti zimenezi zimachitika pokhapokha munthu akamenyedwa. Kumenyako kulipo, koma munthu ngati Joe safuna n'kumumenya komwe. Moyo wake wonse waphunzira kuti kuvomera kumathetsa mavuto. Akati inde, aphunzitsi amasiya kukalipa. Akati inde, anzake amasiya kumuseka kuti sanamve. Waphunzira kubisa kusamvetsa kwake pogwedeza mutu ndi kumwetulira, ndipo amayankha mowerenga nkhope ya womufunsayo kuti apeze yankho limene limusangalatse. Mukamufunsa kuti anali kumsika dzulo, ati inde. Mukatembenuza funso n'kumufunsa kuti anali kumunda dzulo, atinso inde. Mukamuuza kuti akavomera apita kwawo kukagona, iye amakhulupirira ndi mtima wonse.

Onjezaninso mwambo wathu pamenepo. Tonsefe tinaleredwa kuti kutsutsa wamkulu pamaso ndi mwano, ndipo munthu wa yunifolomu amayankhidwa kuti “inde bwana”. Ife a kukoleji timadziwa pamene ulemu uyenera kulekezera. Tikaona kuti zinthu zafika poipa timati tikufuna loya, kapena timaimbira foni amalume a kutauni. Mnyamata amene analekezera Sitandade 2 atabwereza katatu alibe chida china koma “inde bwana” yemweyo.

Tiyeni timutsatire mnyamata wotereyu m'dziko lathu lomwe lino. Choyamba, ndiye wosavuta kugwira. Pakachitika chipikisheni usiku, ochenjera amathawa, iye amangoima n'kumaonerera galimoto ya apolisi. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre, pamlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'mamawa akupita kumalonda ake, linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene apolisi ankagwirira anthu vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chinali chigamulo chabwino kwambiri. Koma chigamulo sichichotsa chizolowezi chokayikira munthu chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo chizolowezichi chili mwa ife tonse, osati mwa apolisi okha. Mbuzi ikasowa pamudzi, dzina loyamba kutchulidwa ndi la uja amayendayenda usiku. Kawirikawiri amafika kupolisi atatupa kale, a nebahudi ndi anthu a pamudzi atamufunsa kale ndi zibakera, ndipo “wavomera kale”.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lathu limapereka ufulu womveka bwino kwa munthu womangidwa: auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma ufulu wokhala chete umathandiza munthu amene wamvetsa kuti kukhala chete n'kololedwa ndipo sakwapulidwa nako. Wapolisi atha kuwerenga chenjezo lonse bwinobwino m'Chichewa, mnyamata n'kuti wamva, sitetimenti n'kulembedwa, iye n'kudinda chala papepala limene sangathe kuwerenga. Papepala zonse zayenda mwa dongosolo. Ndipo gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iperekedwe kukhoti ngakhale mwiniwake akunena kuti sanainene mwa kufuna kwake. Khoti ndilo limatsala ndi ntchito yoona ngati iyeyo anainenadi komanso ngati zili m'menemo n'zoona. Munthu wolankhula bwino atha kufotokoza mmene anamuumirizira. Mnyamata wathuyu sakumbukira n'komwe kuti linali tsiku liti.

Kukhoti la majisitireti, kumene milandu yambiri imathera, woimira boma pamlandu amakhala wapolisi wodziwa ntchito yake, pamene wozengedwa mlandu nthawi zambiri amaima yekha. Maloya a Legal Aid Bureau alipo, koma sangakwanire pakhoti lililonse. Zokambirana zimalembedwa m'Chingerezi, womasulira n'kumatembenuza. Kenako funso lija limabwera: ukuvomera kapena ukukana? Lamulo limafuna kuti khoti litsimikize kuti wovomerayo akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Koma ngati njira yotsimikizira ndi kumufunsa kuti “wamvetsa?”, yankho tikulidziwa kale.

Tinene kuti majisitireti waona kuti china chake sichili bwino. Lamulo limalola kuimitsa mlandu n'kutumiza munthuyo kuti akapimidwe, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba. Madokotala a ukatswiri umenewu m'dziko muno ndi owerengeka pazala, ndiye lipoti limatenga nthawi, munthu ali pa limandi. Wodwala maganizo akalandira mankhwala atha kuchira n'kudzayankha mlandu wake. Koma wa ulumali wa mu ubongo adikira kuchira kuti? Palibe jakisoni amene angamupatse nzeru zotsatira mlandu. Choncho munthu amene akanapatsidwa miyezi 6 chifukwa cha nkhuku atha kukhala wotsekeredwa nthawi yoposa pamenepo popanda khoti kumupeza wolakwa. Lamulo la chisamaliro cha odwala maganizo limene dziko lathu linagwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 70 linalembedwa ndi atsamunda mu 1948, nthawi imene cholinga chachikulu chinali kuchotsa anthu oterewa pamaso pa anthu.

Izi sitikungoganizira. Mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti n'kulakwa kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha popanda kumva kaye mbiri yake. Kuyambira mu 2015 makhoti anayamba kumvanso za chilango cha akaidi amene anaweruzidwa mwa njira yakaleyo, ndipo akaidi oposa 150 anapatsidwa zilango zina, ambiri anatuluka. Pokonzekera milanduyi, othandiza pa zamalamulo anapita m'midzi kukafunsa achibale ndi mafumu, ndipo azaumoyo anapima akaidiwo. Apa ndi pamene zinadziwika kuti ena mwa iwo anali ndi matenda a maganizo kapena ulumali wa mu ubongo umene makhoti oyamba sanaumve n'komwe. Achibale ankadziwa kuyambira kalekale kuti mwana wawo anachedwa kuyenda, anachedwa kulankhula, amagwa khunyu. Panalibe amene anawafunsa. Ngati zinali choncho pamilandu yakupha, imene imazengedwa ku Khoti Lalikulu loya alipo, kuli bwanji pamilandu ya mbuzi ndi njinga?

Tikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima, chifukwa ifenso tinazinenapo. Anthu ena amanamizira misala akagwidwa. Ena misala yake ndi ya chamba, anaifuna okha. Komanso wobedwa kapena wogwiriridwa naye ndi munthu, akufuna chilungamo. Zonsezi n'zoona, ndipo sitikunena kuti wa ulumali sangalakwe kapena kuti azingomasulidwa. Koma wonamizira amagwidwa pomupima, ndiye kuopa onamizira ndi chifukwa chopimira anthu ambiri, osati chosiyira. Za chamba, khoti limaweruza chimene munthu wachita, ndipo amene mutu wake wasokonekera sangathe kudziteteza, kaya chinausokoneza n'chiyani. Ponena za wolakwiridwa, iye sapindula kanthu munthu wolakwika akamangidwa. Doketi imatsekedwa, apolisi amasiya kufufuza, ndipo wakuba weniweni amagona kwawo n'kumadikira mbuzi ina. Tisaiwalenso kuti nthawi zambiri wolakwiridwayo ndi wa ulumali yemweyo. Mtsikana wotere akagwiriridwa n'kuloza amene wachita, timati mutu wake suyenda bwino, sitingamukhulupirire. Mchimwene wake akavomera mlandu, mawu ake timawatenga ngati olemera kuposa umboni wina uliwonse. Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo, koma ife timamumvera pokhapokha akamadzineneza yekha.

Dziko la Britain, kumene malamulo athu ambiri anachokera, linadutsa momwemu. Mu Epulo 1972 munthu wina dzina lake Maxwell Confait anapezeka atafa m'nyumba yoyaka moto ku Catford, mumzinda wa London. Apolisi anagwira anyamata atatu a zaka 14, 15 ndi 18. Wa zaka 18, Colin Lattimore, nzeru zake zinali ngati za mwana wa zaka 8. Anawafunsa popanda kholo kapena loya, onse anavomera, ndipo khoti linawapeza olakwa ngakhale panali mboni zonena kuti Lattimore anali kwina. Mu 1975 khoti la apilo linafafaniza zigamulozo. Manyazi a mlanduwu anathandiza kubala lamulo la 1984 lokhudza mmene apolisi ayenera kugwirira ntchito, ndipo kuchokera pamenepo munabwera zinthu ziwiri. Mafunso a kupolisi anayamba kujambulidwa mawu. Ndipo mwana, kapena wamkulu amene akuoneka kuti ali ndi vuto la maganizo kapena la kumvetsa, sayenera kufunsidwa yekha: pamafunika munthu wamkulu wina, wosakhala wapolisi, woti aone ngati akumvetsa ndi kulankhulapo zinthu zikamapotoka.

Ife tikuona kuti dziko lathu likufunika zomwezi, zolembedwa m'lamulo momveka bwino. Kwa ana tinayambapo kale: lamulo la 2010 loteteza ana limafuna kuti kholo kapena womulera adziwitsidwe mwana akamangidwa, ndipo ana ali ndi makhoti awoawo. Kungoti lamulo limawerenga zaka zobadwa. Joe Arridy anali ndi zaka 21 pamene ankamangidwa, ndiye kwathu kuno akanalowa m'gulu la akuluakulu. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali, ndipo gawo 13 la panganolo limafuna kuti kazengedwe ka milandu kasinthidwe kuti anthuwa athe kutenga nawo mbali, komanso kuti apolisi ndi ogwira ntchito kundende aphunzitsidwe. Tikamva za ulumali kukhoti timaganiza za njira yodutsa njinga ya olumala pakhomo. Njirayo ndi yofunika, koma mnyamata wathu uja masitepe amakwera bwinobwino.

Boma lidzati ndalama palibe, ndipo pa zambiri limanena zoona. Koma kuitana azakhali, mphunzitsi, wa zachisamaliro cha anthu kapena mkulu wa mpingo kuti akhale pambali pa munthu pamene akufunsidwa sikufuna bajeti ya nyumba ya malamulo. Foni yojambula mawu ili m'thumba la pafupifupi wapolisi aliyense. Nakonso kusiya kufunsa kuti “wamvetsa?” n'kuyamba kunena kuti “tandifotokozera m'mawu ako zimene ndanenazi” n'kwaulere. Ndipo khoti lisamamange munthu wotere pa sitetimenti yokha popanda umboni wina woima pawokha.

Tsono nkhaniyi ikubwerera kwa ife. Pakati pathu pali amene akuphunzira za udokotala ndi unamwino. Mawa lino wapolisi adzakubweretserani munthu wa unyolo kuti mulembe ngati ali bwino, mzere wa odwala uli panja. Mphindi khumi zofunsa kuti analekezera kalasi iti, amatha kuwerenga chenji, amagwa khunyu, ndani amamusamala pakhomo, zitha kusintha mlandu wonse. Pali amene adzakhale aphunzitsi. Kaundula wa sukulu wosonyeza kuti mwana anabwereza Sitandade 1 katatu ndi umboni, ndipo mphunzitsi amene anamuphunzitsa ndi mboni yabwino kuposa dokotala amene wamuona kwa theka la ola. Musadikire samoni, mukamva kuti wamangidwa, pitani. Akulu a mpingo ndi amayi a Dorika amadziwa khomo lililonse limene lili ndi mwana wotere, ndipo banja losauka likamva kuti mwana ali kupolisi nthawi zambiri limachita mantha ndi manyazi n'kukhala pansi. Kuperekeza mayi wotere kupolisi, n'kukanena mwaulemu kwa bwana wa pasiteshoni kuti mwanayu tikumudziwa, samvetsa zinthu msanga, tikupempha tikhalepo pomufunsa, ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Ambirife tinapitako kundende Sabata masana ndi sopo, shuga ndi nyimbo. Tisasiye. Koma tivomereze kuti timakonda kucheza ndi akaidi olankhula bwino, amene amatsogolera kwaya ndi kupereka umboni wogwira mtima. Uja wakhala kumbuyo, amene anzake amamulanda sopo ife tisanatuluke pageti, sitimuona. Ulendo wotsatira tipemphe chilolezo kwa oyang'anira ndende kuti tikhale naye pansi, timufunse kuti analowa liti, akumuzenga mlandu wanji, kukhoti anapitako liti komaliza, ndipo kwawo akudziwa kuti ali kuno kapena ayi. Akalephera kuyankha, anzake a m'selo amadziwa. Tilembe mayankhowo, tikawapereke kwa maparaligo a PASI, amene akhala akugwira ntchito m'ndende zathu kuyambira mu 2000, kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau imene ili pafupi, ndipo pakatha milungu iwiri tikafunsenso kuti nkhaniyo ili pati.